Ndisanavule Nsapato

Ndinafika kwa a Luhanga chibakera nditakunga kale,
mlomo uli wotupa,
anyamata atatu atandilanda njinga ya kabaza
pakamlatho ka ku Chibavi.
Ndinati: Ndiphunzitseni kumenya.
Iwo amasesa holo ya tchalitchi ku Katoto,
momwe ana ovala zoyera amakuwira madzulo.
Tsache silinaime.
Anati: Umatha kuwerenga, Vinjeru?

Anandipatsa kope, pensulo yolumidwa kumutu,
ndi dzina la buku pakapepala.
Mwezi wathunthu usaponde muno, anatero.

Juni wa ku Mzuzu.
Chifunga chimatsika ku Kaning'ina ngati wodzatenga ngongole,
zala kuuma pahandulo ya njinga yobwereka.
Ndikatsitsa kasitomala womaliza wam'mawa
ndinkalowa mu laibulale matope ali m'miyendo,
mayi wa pakauntala akuyang'ana mapazi anga, osati nkhope.

Bukulo silinali la karate.
Linali la anamwino:
munthu wosendedwa khungu, chilili, manja otambasula,
wopanda ndi manyazi omwe.
Ndinakopera mafupa a dzanja,
makumi awiri ndi asanu ndi awiri,
ena ochepa ngati nandolo.
Ndinawerenga kawiri.
Kani chibakera ndinkachidalirachi
ndi kathumba ka timiyala tomangidwa ndi ulusi?

Ndinalemba za bondo, kuti limapindira kumodzi.
Za mpweya, kuti wopupuluma amaumwera pakhosi
pomwe mwana wakhanda amaukokera m'mimba.
Kenako za mantha:
amayamba m'magazi mutu usanamve,
maso n'kumaonera ngati pabowo la singano.
Apo ndinaika pensulo pansi.
Ndiye kuti miyendo itandikana usiku uja
silinali tsoka langa ndekha.
Zinalembedwa kale, patsamba long'ambika pakona,
ndipo wina anadulapo mzere ine ndisanafike.

Madzulo ndinkaima pawindo la holo, kunja,
kulemba manambala a Chijapani momwe khutu lamvera,
kujambula mapazi a ana,
lina kutsogolo, lina kumbuyo, chiuno pansi.
Kumsika ndinayamba kuona zomwe ndinkangodutsa:
mayi wosenza thumba la makala wa ku Masasa
amatembenuka ndi chiuno, khosi osagwedezeka.
Naye ndinamulemba.

Sabata yachitatu, padepoti,
mmodzi wa atatu aja amadya tchipisi pachiwaya.
Ndinaona fupa la paphewa likutuluka m'malaya ake,
ndinalidziwa dzina, ndinalidziwa tsamba,
ndinadziwa kuti silichedwa kuthyoka.
Amatsokomola. Anali wowonda kuposa m'maloto anga.
Manja anga anakhalabe pahandulo.
Kaya inali nzeru, kaya mantha omwe aja atavala jekete,
sindikudziwa.
Ndinalemba chomwecho: sindikudziwa.

Mwezi utatha a Luhanga anatsegula kopelo
magalasi ali pamphuno,
anakonza mawu awiri omwe ndinalakwitsa,
anaseka chithunzi changa cha bondo,
akuti chikufanana ndi chinangwa.
Atafika pa mzere wa padepoti anakhala chete
mpaka mvula yowaza inayamba padenga.

Vula nsapato, anatero.

Simenti inazizira mpaka m'mano.
Tsiku limenelo sitinaponye chibakera.
Anandiphunzitsa kuima,
ndipo ndinagwa kawiri.