Mkono Wamanzere

Ndinawapatsa wamanzere
poti wamanjawu ndiwo umadyetsa ana.
Ndine wosenza matumba pamsika wa ku Ulongwe,
kachewere wa ku Tsangano amakwera lole podzera paphewa langa.

A Ludovina, namwino wa magalasi omanga ndi ulusi,
sanandinyengerere ngati mwana.
Anati, "Pauma pamenepa.
Mwina usiku thupi litentha, mutu uwawa,
mawa kapena mkuja zitha.
Koma mpweya ukabanika, nkhope ikatupa,
mutu ukakana kuleka masiku angapo,
musadikire kuti kuche, bwerani."
Kenako anandikhazika pabenchi
kuti aone kaye ngati ndigwe.
Sindinagwe. Ndinawerenga malata a denga la chipatala,
makumi atatu, limodzi lobooka.

Usiku kunandibwerera chisanu cha mu Juni
pamene kunja kunali Okutobala.
Mano kugundana, mafupa ngati ndagwa panjinga.
Perpetuwa anandifunditsa bulangete, kapulana ziwiri
ndi jekete lake la kutchalitchi.
Poyesa kuti ndagona
anatenga metikali asanu achitsulo
n'kuika pobayidwapo, mwakachetechete,
poti kuchigayo akuti thupi limasanduka maginito.
Ndalama inagubuduka n'kukalowa kunsi kwa bedi.
Anaisaka ndi tochi ya foni, akung'ung'udza.
Ndinaseka mpaka mkono unandikumbutsa.

Koma ndisaname, mantha analipo.
Ndinagona ndikumvetsera mtima wanga
monga timamvetsera injini ya shapa yodzaza pokwera mtunda.
Ndinakumbuka achimwene a Kalisito ku Moatize,
mwamuna wonyamula jenereta yekha,
amene anatha akupempha mpweya
m'chipinda cha mazenera otsekula.
Anatiuza pafoni. Bokosi sitinalitsekule.
Kumanda tinaima motalikirana
ngati chimanga cha m'munda wosamera bwino.
Nthawi imeneyo jakisoniyu anali asanafike kwathu kuno.

Masiku awiri sindinaponde kumsika.
Palibe amene anandibwezera ndalama za masikuwo,
izinso muzizinena, inu a pawailesi.
Matumba anga anasenza Donasiyano,
yemwe madzulo anabwera kudzandizonda
ndi nkhope ya pamaliro, chipewa m'manja:
"Zaka ziwiri basi, akulu. Onse obayidwa.
Ndamva ndekha, munthu akulankhula m'foni."
Potsanzika anabwereka metikali mazana awiri.
Ndikuganiza anawerengera
kuti wodzalonjerera ngongole sadzakhalapo.

Tsiku lachitatu mkono unafika paphewa,
masana unafika pamutu,
madzulo unakweza thumba.

Sindikuti aliyense zinamuyendera ngati ine.
A Nangozo a pafupi ndi mpopi anagona masiku anayi,
mwana wawo anawakweza panjinga kubwerera kwa a Ludovina.
Anawayeza, anawalemba m'buku lalikulu lija,
anabwerako akudandaula za mabampu a msewu.
Perpetuwa anapita mwezi wotsatira osandiuza,
sanamve kanthu, anafika n'kukachapa kudambo,
ndipo mpaka lero amauza anzake
kuti ine ndinkangofuna phala la pabedi.

Zomwe zili m'kabotolo kaja sindizidziwa,
sukulu ndinalekera kalasi yachinayi.
Chomwe ndidziwa n'choti mayi uja anandiuza zowawazo
zisanabwere, osabisa,
ndipo zinabwera monga ananenera
n'kupita monga ananenera.

Khadi lija lili m'kajumbo pamodzi ndi bileti
ndi chithunzi cha a Kalisito atavala chipewa cha kumgodi.
Inki yayamba kufwifwa.
Zaka ziwiri zinakwana nthawi yokumba kachewere,
sindinazindikire, ndinali pansi pa thumba.
Donasiyano nayenso anakabayitsa, ndinamva,
bwana wa lole atafunsa khadi.
Masiku ano amandipatsa moni ali patali,
n'kukhotera kwa ogulitsa kabichi.
Mazana awiri aja
ndikuwadikirabe.