Wodula Ulusi

Ntchito yanga ndi kudula ulusi.
Ena amalipidwa kuti alumikize;
ine sitima ya m'mawa ikanditula ku Hamamatsu
ndimavula nsapato pakhomo pa labotale,
ndimapanitsa kaulusi ka kaboni m'mano mwa makina
n'kukakoka, kukakoka,
mpaka kaduke.

Lero kaduka ka nambala 4,212.
Kanali kowonda kuposa tsitsi la khanda
koma kanakana, kanalimbalimba,
kenaka kanalira ngati udzudzu n'kugonja.
Ndalemba zonse m'kope losatseka lija
limene aliyense padziko angatsegule:
kutentha, chinyezi, pamene panayambira mng'alu,
ngakhalenso kuti dzanja langa linanjenjemera pomanga
chifukwa ndinagona mochedwa, mwana akutsokomola.

A Kurebayashi amapukusa mutu.
Iwo anakalambira m'fakitale yoluka nsalu,
pano amatikonzera mawilo okulungira ulusi.
Masiku awo, akutero, chinsinsi chinkagona m'dirowa,
kiyi m'thumba la bwana,
ndipo wolakwitsa ankameza cholakwa chake osatafuna.
Ndikawafunsa kuti fakitaleyo ili kuti,
amaloza ndi sipanala
pamene pamaima magalimoto paja.

Ine ndikagona, kope limakhala maso.
Ku Tartu, Piret wapeza kuti ndinaphonya pochulukitsa,
walemba mzere umodzi, wopanda ndi moni yemwe.
Ndinakwiya mpaka tiyi anazizira.
Anali kunena zoona.
Ku Valparaíso, Nibaldo, amene zaka makumi awiri
wakhala akukweza makontena padoko,
alibe digiri, koma amadziwa chingwe chikamadwala.
Akuti: musamangoyang'ana pakati,
chingwe chimafera pamene chagwiridwa.
Wajambula kamangidwe kena kumbuyo kwa lisiti.
Sindinamvepo mawu ake.
Ndimangodziwa kuti chala chake chachikulu chili ndi chipsera.

Anthu akamva za chikepe chopita m'mlengalenga
amaganiza za nsanja, njerwa pamwamba pa njerwa.
Ayi. Chingwecho sichidzakwera.
Chidzachita kutsika,
kuchokera kutali komwe setilaiti imayenda limodzi ndi dziko
n'kumaoneka ngati yangoima,
makilomita zikwi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi,
kulendewera pang'onopang'ono ngati kangaude wam'bafa
mpaka chikhudze nyanja pamchombo pa dziko.
Ndipo chiyenera kusenza choyamba kulemera kwake komwe.
Apo ndiye pagona nkhani.
Ulusi wanga wautali kwambiri
sufika n'komwe kuchokera pano kukafika pazenera.

Mutu umodzi susenza denga.
Nanga thambo?

Chizuru, mwana wanga, anandifunsa ali m'bulangete:
Amayi, inu mudzakwera?
Ndinati ayi.
Nanga ine?
Ndinawerenga zaka m'mutu, ndinamuyang'ana,
ndinati mwina udzaona chithunzi cha poyambira.
Anati ndiye mukuvutikiranji,
natembenukira kukhoma.
Yankho linandibwerera m'sitima, iye kulibe,
ndipo pofika pasiteshoni linali litathawanso.

Chimene ndikudziwa n'chochepa.
Munthu wina amene sanabadwe
sadzataya Lachiwiri lake kuyesa zimene ndayesa lero.
Adzatsegula kope, adzaona 4,212,
adzati njira iyi n'njotseka, napita kwina,
osafunsa kuti anaitseka ndani.
Dzina langa lili pamenepo, m'tizilembo ting'onoting'ono,
pakati pa chinyezi ndi tsiku.

Kunja mphepo yachisanu ikutsika kumapiri,
ikumenya zovala zoyanika pakhonde la anthu.
A Kurebayashi avala magalasi awiri, ena pamwamba pa ena,
akuyang'anitsitsa lisiti la ku Chile pakompyuta.
Sakunena kanthu.
Atenga kachitsulo, akusula chopanira chatsopano,
akung'ung'udza kuti munthu wapadoko uja
akanakhala woluka wabwino.

Madzulo tamanga 4,213 monga anajambulira Nibaldo.
Makina akoka. Tonse tasiya kupuma.

Kadukanso.

Koma kadukira pena,
pakati penipeni, kutali ndi mano,
pamene sikanadukirepo n'kale lonse.
Ndatsegula kope.
Ku Tartu kwacha kale, Piret akudikira kuti andikonze.