Fungo la Chopserera

Chimayamba ndi fungo.
Shuga wopserera, kapena tsitsi logwera pamoto.
Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuthamangira ku uvuni,
kutsegula chitseko, n'kupeza buledi ali bwinobwino,
akufufuma mwa ulemu wake.
Kenaka zii.
Solange amati ndimangoti njo ngati mtengo wa magetsi,
zala zikutsinatsina epuloni, milomo ikutafuna mphepo,
makasitomala athu a ku Verdun atazyolika
ngati agwetsa khobidi.
Sindigwa ayi. Akuti ndi khunyu, koma mtundu wake ndi wa m'ngodya:
mlendo wogona chipinda chimodzi chokha m'mutu muno,
ndipo khomo lake palibe akulidziwa.

Febuluwale. Montreal yense waundana kuti gwa.
Ku chipatala cha pa phiri
Thuy-Anh akundiyeza mutu ndi tepi ngati telala,
akundiveka chipewa cha mabatani makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi,
batani lililonse ndi waya wake,
dontho lililonse la phala lozizira akulithira mosafulumira.
Ufa ukadali m'makutumu, akutero, tonse n'kuseka.

Dokotala Marchessault sachulutsa gaga m'diwa.
Mawayawa ndi khutu, akutero.
Amamva kuthetheka nthawi yomweyo kukachitika,
koma ukawafunsa kuti kwachokera kuti, amangoloza mudzi wonse.
Maginitowa ndi diso.
Amaona nyumba ndi nyumba, mpaka mphindi ya kanjira,
koma amafika mochedwa,
poti amadikira magazi athamangire pamene pathetheka,
masekondi asanu, asanu ndi limodzi.
Wina adziwa liti, wina adziwa kuti.
Lero tiwakhazika pa mphasa imodzi.

Andilowetsa chagada m'mphako yoyera.
Lamba, mphete ndi makiyi ndasiya panja.
Musagwedezeke, Bambo Boisvert.
Gu gu gu gu, ngati amisiri akukhoma malata pa chipumi panga.
Mphuno ikuyabwa. Ndikuwerenga matumba a ufa otsala m'sitolo,
ndikusokoneza, ndikuyambanso.
Kuona maso a nkhono n'kudekha,
koma lero nkhonoyo ndine,
ndipo odekhawo ali kuseri kwa galasi.
Ndikupempha chinthu chimene sindinapemphepo chibadwire:
mlendo iwe, tsokomolako pang'ono,
akumve.

Akuti ngakhale mtima wanga unkasokoneza.
Ukagunda, mawaya ankanjenjemera,
phokoso la maginito n'kumiza kunong'ona kwa ubongo.
Mnyamata wina, Mathurin, anachezera mausiku pa kompyuta
kupeta phokosolo ngati madeya
mpaka panatsala timinga makumi awiri ndi titatu,
tosongoka, timene ine sindinatimve n'komwe.

Patatha milungu itatu, anatembenuzira chithunzi kwa ife.
Ubongo wanga, wotuwa, woduladula ngati buledi wa dzana,
ndipo mkati, kuseri kwa khutu lamanja,
kadontho kofiira, kochepa ngati nyemba.
Solange anayandikira mpaka mpweya wake unachita nthunzi pa galasi.
Ndi kameneka? Zaka zonsezi, kameneka?
Mwina, anatero dokotala. Chithunzi chaloza, sichinalumbire.
Tiyezanso. Za opaleshoni tikambirana tikatsimikiza.

Ndinagwira kuseri kwa khutu.
Panali khungu basi, ndi chipsera cha njinga ya ubwana.

Usiku wa Lachiwiri, tambala akadali m'tulo,
ndili ndekha ndi mtanda,
fungo lija linabweranso.
Ndinatsamira tebulo, kudikira kuti ndisowe.
Wani, thuu, mpaka teni.
Wotchi ikuyendabe. Manja akadali anga.
Ndinatsegula uvuni:
utsi tolo!
Mabanzi makumi atatu, onse bii ngati makala.
Ndinakhala pansi pa simenti n'kuseka
mpaka Solange anatsika masitepe wopanda nsapato,
akufunsa ngati ndikumudziwa kuti ndi ndani.