Botolo la Maso

Lachinayi lililonse ndinkakankha chikuku cha Mayi Thackray
kutsetsereka mtunda wa ku Keighley,
kamvula kosadziwa kukata kaja kakutinyowetsa mapewa,
mpaka pa sitolo ya bambo Holroyd
pomwe belu la pakhomo linkalira ngati lili ndi chimfine.

Ine ndinabwera kuno kudzasambitsa okalamba,
kuwerenga mapiritsi, kusintha zofunda.
Za zidole palibe anandiuza.
Mayiwa ali nazo makumi asanu ndi zitatu,
chilichonse dzina lake, chilichonse tsiku lake lobadwa,
pamene mwana wawo wom'bereka amaimba foni pa Khirisimasi pokha.

Tsiku lina tinapeza pepala lachikasu pagalasi:
tikutseka, zonse theka la mtengo.
Bambo Holroyd anati lendi yakwera, mawondo atha,
makolo a lero amagula pa intaneti ali chigonere.
Ankalankhula uku akupukuta kauntala yoyera kale.

Ana sanalire. Analira ndi akuluakulu.
A Pervez, amene chaka ndi chaka amagula chimodzi
n'kukachiika m'kabati ya malemu akazi awo,
anaima pakati pa mashelefu chipewa chili m'manja
ngati afika pa siwa.
Gwenda wa ku Bingley, wosoka timadiresi totalika ngati chala,
anafunsa, "Nanga Lachinayi tizipita kuti?"
Kuseri ketulo inawira, inazima yokha.

Kuseri kumeneko kunali chipatala.
Mikono m'dirowa, tsitsi lolendewera pa misomali,
maso m'botolo la jamu,
abuluu, obiriwira, akhofi, onse ali tong'o.
Winifred, wadongo loyera, wamkulu kuposa mwini wake,
anali atagonekedwa komweko milungu itatu
diso lamanzere litagwera m'mutu.

Loweruka lomaliza kunafika mnyamata ndi vani,
moni osapereka,
n'kukokolola mabokosi osawatsegula n'komwe.
Usiku womwewo tinaziona pa foni yanga,
nkhope zomwe zija, mtengo wowirikiza kanayi.
Mayi Thackray anavula magalasi.
"M'menemo ndichinunkhiza bwanji?
Chidole umayamba wachinyamula kaye."

Ndinangoti zii.
Ndinakumbuka changa cha ku Ntcheu, chitsononkho cha chimanga,
ndevu zake zomwe ndiye tsitsi,
ndikuchibereka kumsana ndi kansanza.
Mbuzi itachitafuna ndinalira mpaka kusasa mawu,
amayi akuti pita ukatole china pa nkhokwe, zilipo zambiri.
China sindinachifune.

Bambo Holroyd anam'bweretsa okha Winifred kunyumba
atamukulunga m'nyuzipepala, diso lisanakonzedwe.
Manja awo anali atayamba kunjenjemera.
Anaika patebulo botolo lija, kopanira kachitsulo, guluu,
kenako anandiyang'ana ine:
"Zala zanuzo ndakhala ndikuziona
mukumanga mabatani a mayiwa."

Pamalo paja pano akugulitsapo fodya wa nthunzi.
Belu analizula.
Lachinayi Gwenda amakwera basi kudza kuno,
a Pervez amabwera ndi mabisiketi m'thumba la jekete,
dzana kunagogoda wina amene sindimudziwa,
m'chikwama muli kamwana kopanda mwendo.
Pa pepala la ntchito yanga izi palibe,
abwana akadzamva kaya adzati chiyani.
Ndimatsuka mbale msanga, n'kuyala thaulo patebulo,
n'kukhuthula maso aja pang'onopang'ono kuti asagubuduke.

La Winifred ndinaliika mokhota.
Lofanana nalo silinapezeke:
lina ndi labuluu, lina lotuwa ngati thambo la kuno.
Mukamukhazika bwanji kapena bwanji
amayang'anabe kukhomo.
Ndinafuna kulichotsa ndiyesenso,
koma Mayi Thackray akuti ndimusiye choncho.