Mzere wa Chitsulo

Pabenchi ya chipatala cha Mangochi
atipatsa nambala fote-fili.
Che Jawadu, bambo anga, akutsokomolera m'mpango.
Ine ndatsegula laputopu pamaondo,
batire latsala theka, bandulo inathera kwa Mponda dzulo,
koma zofunika ndinakopera kale:
maola khumi ndi anayi a setilaiti
itangoti maso tong'o pa kadontho kamodzi kumwamba.

"Ukuonamo chiyani m'menemo, Rukiya?"
Nyenyezi ziwiri, ababa.
"Zili kuti? Ine ndikuona mzere wokhotakhota
ngati msewu wokwera ku Namwera."

Ndi momwemo. Chithunzi palibe.
Timangotola kuwala kwake kamodzikamodzi
monga mumasankhira misomali m'chitini,
yaikulu uku, yaing'ono uku,
kenako mzerewo umayankhula wokha.

Imodzi inafa kalekale.
Inaphulika, n'kutsala kanjere
kotalika ngati pano ndi ku Malindi
koma kolemera kuposa dzuwa.
Inzake ikadali moyo.
Zimazungulirana, maola anayi ulendo watha,
ndipo yakufayo ikuyamwa yamoyo.
Mpweya umatsetsereka, kuzungulira, kuzungulira,
kupsa mpaka kukuwa,
kukuwako ndiye ekisireyi.

"Yomwe tikudikirayi?"
Yomweyi. Kungoti yam'chipindamu aiphika lero ndi magetsi,
inayi inanyamuka kwawo
kusanabadwe munthu wosula khasu.

Aseka. Chifuwa chiwalanda kusekako.

Ndiwalozera kachulu pakati pa mzere: apa pali chitsulo.
Aweramira pafupi, iwo owotcherera mageti a tauni yonse,
odziwa chitsulo ndi fungo lokha.
Kachuluka kakanasongoka ngati singano,
koma onani, kaphwathalala, kapendekera mbali imodzi,
poti chitsulocho chikuthamanga m'mphepete mwa phompho
ndipo kuwala pothawa kumeneko kumafika kotopa.

Nanga apa, kumanzereku, pomwe mzere wagwa?
Nyenyezi sinalakwe.
Ndi fumbi la m'njira, limameza kuwala kofooka kusanatipeze.
Miyezi itatu tsopano ntchito yanga ndi yomweyo:
kuyeza fumbilo, kulichotsa ndi masamu,
kuti nyenyezi ioneke mmene ilili.

"Fote-fili!"

Avula mkanjo, andipatsira kofiya.
A Mtambalika awatsamiritsa pachitsulo chozizira.
Kokani mpweya. Gwirani. Musapume.
Basi.

Kamphindi kochepa kuposa kuphethira.
Ine wozolowera kudikira maola khumi ndi anayi
ndinalibe nthawi yokonzeka.

Pagalasi pabwera nthiti, zoyera, zondondozana bwino,
ndipo pakati pake, pomwe payenera kuda bii,
timadontho, timadontho,
ngati wina wamwaza mapira mumdima.
A Mtambalika sanena kanthu, si ntchito yawo kunena.
Angofunsa: "Munagwirapo kumigodi?"

Zaka khumi ndi ziwiri, ku Joni,
ine ndisanabadwe.
Mgodiwo anautseka kalekale, unafa,
pakamwa pake anathirapo simenti,
koma taonani, ukuyamwabe
mpweya wa munthu wokhala tsidya lino la Shire.

Ndatseka laputopu.
Fumbi ili masamu anga salichotsa.

Adokotala ati tibwere Lachinayi ndi makhololo m'kabotolo.
Panja dzuwa lakwiya, mchenga ukuotcha kudzera m'patapata,
akabaza akulimbirana ife awiri.
Tikudutsa pamlatho, njinga zathu zayandikana,
ababa akuwa mopitirira mphepo:
"Yamoyo ija, yoyamwidwayo,
imatha liti?"

Zaka mamiliyoni, ababa. Imachepa pang'onopang'ono,
koma imawalabe.

"Aa. Ndiye ikadalipo."

Akhala chete mpaka kutsika mlatho,
dzanja limodzi pachifuwa, lina pakofiya.
Kenako agogoda msana wa wakabaza:
"Tayima pasitolo ya Che Twaibu, mwanawe,
ndigule ndodo zowotcherera.
Geti la Abiti Saizi silinathe."