Shuga wa M'zipatso

Ndimagulitsa mango pafupi ndi mlatho wa Shire,
maboloma m'dengu, kalisere pa chiguduli,
koma ndikafika kwathu ku Mpondasi
ndimasamba m'manja kawiri
ndisanagwire mwana wanga.

Twaibu anali bwinobwino nthawi yonse ya bere.
Tsiku lomwe ndinathira shuga m'phala lake
anasanza mpaka maso kulowa,
thukuta lozizira, mimba ngati ng'oma,
kenako tulo tosadzutsika.

Apongozi anati ndi tsempho.
Anayang'ana ine, ine ndinayang'ana bambo ake,
bambo ake anayang'ana njinga yawo ya kabaza.
Miyezi itatu tinagona chofulatirana.

Njoka za m'mimba, anatero wogulitsa mankhwala.
Malungo, anatero ena. Magazi anakana.
Buku lake la kuchipatala linadzaza, tinagula lina.

Dokotala wamkazi wa mpata m'mano,
atamvetsera osandidula mawu, anafunsa:
kodi kwanu kunakhalapo mwana wotere?
Ndinakumbuka Ajilu, mlongo wanga,
amene anatisiya atangoleka kuyamwa.
Azakhali anathamangitsidwa m'mudzi chifukwa cha maliro aja.
Anamwalirira ku Namwera osalankhula nafe.

Magazi a Twaibu anakwera basi ya ku Blantyre,
akuti anapitirira mpaka kunja.
Yankho linabwera mango atatha
ndipo mitengo itachitanso maluwa.

Palibe wolakwa, mayi.
Inu munabadwa ndi theka la vutoli, simudwala.
Bambo ali ndi theka lina, sadwala.
Mwa mwanayu magawo awiriwo anakumana,
ndiye chiwindi chake sichitha kuphwanya
shuga wa m'zipatso, wa nzimbe, wa uchi.

Bambo ake anavula chisoti.
Potuluka anandikweza pa njinga, osanena kanthu,
anapalasa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira.

Sigele, wobadwa pambuyo, pepala lake likunena zomwezo.
Koma iye akalawa nthochi amangolavula,
m'mimba kulira pang'ono, basi wapita kosewera.
Mimba imodzi inawabereka, nthenda imodzi,
wina imamugwetsa, wina imangomutsina.
Ndinafunsa chifukwa chake.
Dokotala anatambasula manja:
m'magazi muli zambiri zomwe sitinathe kuwerenga.

Tsopano ndimawerenga ine,
zilembo zing'onozing'ono kumbuyo kwa botolo la mankhwala a chifuwa,
ine amene ndinalekezera folomu wanu.
Pa Idi anzake akamalandira maswiti
Twaibu amalandira nawo, nathokoza,
n'kukasinthanitsa ndi mabulo.
Mano ake ndi oyera, opanda ndi limodzi lobowoka.

Dzulo anakhala pambali pa dengu langa,
manja kumbuyo monga ndinamuphunzitsira.
Amayi, bango limakoma bwanji?

Ndinayang'ana ntchentche zikuzungulira.
Limatsalira m'mano, ndinatero,
ndipo limadetsa malaya.