Chiperoni Asanafike

Tiyi wayamba ulesi.
Dengu lomwe linkadzaza dzuwa lisanafike paliwombo
lero lafika pasikelo ndi njala.
Akapitawo awerenga mayina a opumitsidwa ntchito,
langa lachitatu.
Ndiye kuti Meyi wakwana.

Tatsikira ku Ruo ndi Bizaliele,
iye chofukizira cha chitini ndi zitsononkho zouma,
ine chikwanje ndi girisi wa njinga.
Ming'oma isanu ndi iwiri ikulendewera pa mawaya
pansi pa mibawa yomwe ocheka matabwa anaiphonya.
Inali ya mlongo wanga Makwinja.
Anandisiyira njuchi
ndi chipewa chaukonde chong'ambika pakhutu.
Malangizo sanasiye,
ankati chipatala chimutulutsa Lachisanu.

Zotsalazo zinandiphunzitsa ndi mbola.
Udzu ulambulidwe mpaka dothi lioneke,
moto wa osaka mbewa udzathere patali.
Nthambi yokhudza mng'oma ndi mlatho wa linthumbu,
idulidwe.
Girisi pawaya, chala chonse, osaumira.
Lata lodontha ndalimata phula la pamsewu,
pamwamba mwala wa mumtsinje.
Khomo ndalichepetsa ndi kansungwi,
ndasiya poti njuchi ziwiri zipatukirane,
ndipo lisayang'ane ku Mozambiki
kochokera mphepo.

Mng'oma saufunsa ndi pakamwa.
Umaugwira kumbuyo, nuukweza pang'ono,
msana wako ndiwo umamva yankho.
Woyamba walemera ngati mwana wogona.
Wachiwiri chimodzimodzi.
Wachinayi wakwera msanga m'manja mwanga
mpaka ndachita manyazi.
Wachisanu ndi chimodzi, zii.
Tavundukula: ndodo za akangaude, zisa zodyedwa ndi njenjete,
buluzi mmodzi akutiyang'ana ngati mwini nyumba.
Zinasamuka liti?
Bizaliele akuti mwina zapita ku esiteti
kumene bulugama ndi wambiri.
Sindinamuyankhe. Tapala, tawaula ndi udzu,
tautseka kudikira Ogasiti.

Pobwerera tapeza Che Mbalaka a ku Limbuli
atakhala pakhonde, zigubu ziwiri panjinga.
Akuti m'tauni anthu ayamba kale kutsokomola,
uchi wakwera mtengo,
ndalama ali nazo m'sokosi, pompano.
Bizaliele wayang'ana zala zake zotulukira mu nsapato.
Inenso ndaziona.
Ndawapatsa zisa zitatu za mng'oma woyamba,
zomata bwino, zakumapeto,
basi.
Akuti, Mayi, tizilombo timasungiridwa chakudya?
Ndati chaka chatha ndinakolola zonse,
Julayi ndinasesa mitembo ndi tsache.

Shuga watsala theka la paketi.
Ndasungunula m'madzi ofunda,
ndathira m'chivindikiro cha botolo la mafuta,
timitengo pamwamba kuti zisamire,
ndapereka kwa wachinayi uja dzuwa litalowa
anzake asanamve fungo.
M'mawa tamwa tiyi wowawa,
ine wothyola tiyi zaka khumi ndi zinayi.
Mwana wakwinya nkhope, koma wamaliza kapu.

Lachitatu phiri lasowa.
Lichenya kulibe, Manene kulibe,
mbuzi ya a Dailesi ikulira penapake m'nkhungu.
Mvula yosagwa koma yonyowetsa,
yolowa m'bulangete, m'machesi, m'mawondo.
Masiku anayi zovala zili pachingwe.

Ndatsika ndekha, thumba la feteleza kumutu.
Pakhomo la mng'oma palibe wotuluka.
Ndagunditsa khutu pathabwa lozizira.
Poyamba mtsinje wokha.
Kenaka, mkati mwenimweni, kang'ung'udza kotsika,
ngati fakitale ya tiyi ikamveka usiku kutsidya kwa chigwa.
Zaunjikana pamodzi, zikudya pang'onopang'ono
zomwe Che Mbalaka sanatenge.

Wachinayi ndaumvera kawiri.
Ulipo, koma mawu ake ndi ochepa.
Ndawerenga masabata ndi zala zachisanu,
ndawerenganso masipuni otsala m'paketi.
Sizikugwirizana.
Mawa ndikaona ngati a Dailesi
angandibwereke kapu imodzi mpaka tiyi ataphukanso.